Phulusa la alamu

Loweruka, kumapeto kwa Okutobala. Kwatentha, ndipo alamu anga a Jefu andiwonongera tsiku.

Loweruka lililonse timakumana anthu anayi pa masewera a nthano. Ine ndimalemba dziko ndi zoopsa zake, enawo amakhala anthu a m'nthanomo, madayisi ndiwo amaweruza. Lero alamu abwera ndi mtundu wa anthu womwe apeka okha, ati zidzukulu za mbalame ya moto. Alemba masamba asanu kuseri kwa mafomu akale a kumalire komwe amagwira ntchito. Anthuwo amauluka, sapsa, akafa amasanduka phulusa n'kudzuka pakapita masiku atatu. Bambo wa ana atatu kuopa kufa papepala!

Ndawerenga zonse modekha. Sanalembe paliponse kuti phulusalo amalondera ndani. Ndiye munthu wawo atalasidwa n'kufa pafupi ndi mudzi, ndati mayi wina wawola phulusalo kukachezera chidulo cha therere.

"Alamu, mwandithira m'therere ine?" afunsa a Jefu.

"Malamulo ndi anu omwe, ine ndangotsata."

A Feliza, omwe timasewera nawo, aseka mpaka kutsamwa, n'kufunsa ngati ndiwozo ziuluke pakapita masiku atatu. Alamu atola madayisi awo n'kupita osatsanzika.

Sindinalakwe. Munthu wosafa ndi ulesi wa wolemba basi. Koma madayisi a mbali makumi awiri aja anawabweretsera ndi dalaivala wa thiraki kuchokera ku Joni, ndipo pa Boma pano sindidziwa wina amene ali nawo. Nthano yanga ya miyezi inayi yatsala pang'ono kutha. Akazi anga akuti ndikapepese kwa achimwene awo. Kupepesa chiyani, therere? Mwina nditanena kuti mayi uja anasiyako kaphulusa pang'ono pansi pa mwala, kokwanira kudzutsa mwendo umodzi…