Moto Umene Tabeth Anazimitsa

Kwa Mlonyeni,
Mchinji.
12 Novembala.

Wokondedwa mwana wanga Luwiza,

Choyamba ndimve za moyo wako kumeneko ku Lusaka. Dzino lija linkakusowetsa tulo unakachotsetsa? Nanga anthu amene ukuwagwirira ntchitowo akukusunga bwino? Kuno tilipo, Mulungu akutisamala. Ine ndi mawondo basi, ndi nyumba imene yakula chichokereni amayi ako. Mvula yagwa kawiri koma sitinadzale, nthaka sinakhute.

Akundilembera ndi a Vincent, alembi a kutchalitchi kwathu. Ndawauza kuti alembe mmene ndikuyankhulira, asakometse. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa thiraki uja amakubweretsera mtedza.

Pa foni paja Lamulungu unayankhula wekha mpaka kudula. Ine pakamwa panga mpochedwa, umandidziwa. Ndikamati ndisonkhanitse mawu, iwe unali utafika kale kumapeto. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala silidula munthu pakamwa.

Unanena kuti amayi ako aang'ono, a Dyna, adzamutenge mwana wako Tabeth akakhale naye kuboda ya Zambia kuti akamuwongole. Ine ndikuti ayi. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti usavutike kuwafunafuna m'munsimu. Tsopano khala pansi umve, chifukwa pamaliro a amayi ako iwe sunathe kubwera, ndipo wamva mbali imodzi.

Pamene unkachoka kuno, nkhuni tinkatola kuseri kwa dambo. Pano kulibe, ngakhale zitsa anthu anafukula. Nkhuni zili kuphiri. Munthu akanyamuka dzuwa likutuluka amabwerako litapendeka. Amayi ako ankapita katatu pa sabata, Loweruka akupita ndi Tabeth.

Chaka chatha, ali Sitandade 5, mwanayu anabwera kusukulu atasenza chinthu chadothi chimene anaumba ndi aphunzitsi awo. Akuti ndi mbaula yosadya nkhuni zambiri. Amayi ako anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere, "Iwe, m'kalasi monse wasankha kundibweretsera mphika wobooka?" Mwana anangoikhazika pansi. Anaikamo timitengo titatu ndi zitsononkho, madzi n'kuwira. Kuyambira tsiku limenelo mafuwa anakhala mipando ya nkhuku.

Sizinathere pomwepo. Nyemba anayamba kuviika m'madzi zisanapite pamoto. Poto wopanda chivundikiro sankamulola. Mapesi ndi mitengo ya nandolo, zimene ife tinkatentha kumunda, ankatituma kuti tizibweretse. Nyale ya sola unatumiza ija, ndikangoisiya ikuyaka ine ndili panja, amvekere, "Agogo, dzuwa limene lalowa m'batiremo ndi lochepa, mukulimwaza." Ine nkhalamba yonseyi kudzudzulidwa ndi kamwana! Ndinkamutcha nduna ya nkhuni.

Koma chimene anagwirizana kwambiri ndi agogo ake aakazi ndi ichi. Akangophula poto, ankasolola zikuni zotsala n'kuzikwirira mumchenga kuti zidzagwirenso ntchito mawa. Amayi ako anachita kumuikira beseni lakutha la mchenga pakhomo la khitchini. Maulendo a kuphiri anachoka pa atatu kufika pa umodzi. Msana wa amayi ako unapumako chifukwa cha mwana wakoyo. Zimenezi a Dyna anakuuza?

Mu Seputembala amayi ako anayamba kuunjika nkhuni za dzinja kuseri kwa nkhokwe, monga chaka chilichonse. Anali atayamba kale kutsokomola. Ndinawaletsa. Anati mvula ikagwa tidzaphikira mawondo angawa? Anapita ndithu ndi Tabeth. Umenewo unali ulendo wawo wotsiriza. Sabata yotsatira tinali kuchipatala, ndipo zotsalazo ukuzidziwa.

Maliro atachitika, amayi a m'mudzi anabwera ndi ufa ndi nkhuni monga timachitira. Anthu anachuluka, nkhuni zinachepa, ndiye anatenga mulu wonse wa kuseri kwa nkhokwe. Palibe cholakwa pamenepo, maliro amadya zimene apeza. Anakumba ngalande yaitali yoikapo miphika ikuluikulu.

Tsiku loika, titabwerako kumanda, anthu anadya. Miphika inaphulidwa, ina inatsukidwa n'kuvundikiridwa. Koma m'ngalande muja moto unali lawilawi, zikuni zazikulu ngati ntchafu yanga zikungonyeka popanda kanthu pamwamba. Iwe ukudziwa, moto wa pamaliro sauzimitsa mpaka tsiku losesa. Kuuzimitsa ndi kuuza anthu kuti nyamukani, mwatikwana. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, amene maliro a m'nyumba mwake anali oyamba amenewa, anamuuza ndani?

Ine ndinali pamphasa pakhonde ndi azibambo. Ndinamuona Tabeth atakhala payekha pafupi ndi ngalandeyo, maso ali pamoto. Anakhala nthawi yaitali. Kenako anadzuka, n'kuyamba kusolola zikuni chimodzichimodzi. Mchenga panalibe, ndiye anatenga ndowa ya madzi osamba m'manja n'kuthira. Phokoso lake ndi nthunzi yake! Amayi a Mvano anasiyira nyimbo pakati.

A Dyna anafika ngati mphepo. Amvekere, "Mwana iwe, ukutithamangitsa? Agogo ako sanazizire n'komwe, iwe ukuwerenga nkhuni?" Anamumenya mbama ziwiri anthu onse akuona. Ena ankati kamwana kouma mtima, ena ankati ndi sukulu imeneyi. Abale anga ochokera ku Thyolo, amene anayenda ulendo wonse uja, anamanga katundu madzulo omwewo osadikira kusesa. Zimenezi zinachitikadi, sindikubisa. Chinali cholakwa, ndipo chinatichititsa manyazi.

Tsopano ndikuuze zimene sindinauze munthu, kupatula a Vincent amene akuzimva lero chifukwa alibe kothawira.

Ine ndinakhala chete. Mwana akumenyedwa, anayang'ana kukhonde kufuna maso anga, ine n'kuzolika. Ndinadziuza kuti mwamuna woferedwa sayankhula pamaliro a mkazi wake. Bodza. Ndinaopa anthu. Ndipo choposa apo, nanenso ndinali ndikuyang'ana zikuni zomwezo nthawi yonse ija, mtima ukundipweteka, ndikulakalaka wina atazichotsa. Mwanayo anachita ndi manja zimene agogo ake ankachita ndi mtima.

Patapita masiku atatu asakudya bwino, ndinamuitana. Ndinamufunsa kuti unaganiza chiyani. Anati sanaganize zothamangitsa munthu. Anati chikuni chachikulu chija anachizindikira, chinali cha muwanga, chokhota kumapeto. Agogo aakazi anachisenza kuchokera kuphiri tsiku lotsiriza lija, ndipo panjira anatula kasanu ndi kawiri kuti atsokomole. Iye ankawerenga. Amvekere, "Agogo, chikanapsa chikuphika ndikanachisiya. Koma chimangopsa."

Luwiza, ine ndakhala zaka zambiri, ndamva maulaliki ambiri pamaliro. Palibe anawalira amayi ako kuposa pamenepo.

Ndipo ngati tikufuna wolakwa pa nkhani ya nkhuni, si mwanayu. Iwe unabadwira kuesiteti ya fodya, koma unali wamng'ono, sukudziwa ntchito imene inakulera. Titabwera kuno kuchokera ku Thyolo ngati matenanti, ine anandiika kodula mitengo ya m'mabani ootchera fodya. Zaka makumi awiri nkhwangwa ili m'manja. Thirakitala inkabwera yopanda kanthu, n'kubwerera yodzaza, tsiku ndi tsiku. Miwanga, misuku, mitondo, sindinkasankha. Esiteti itatseka ndinaotchanso makala zaka zinayi, kumagulitsa kumsewu wa kuboda. Tchire lonse lochokera kudambo kukafika kumunsi kwa phiri, mkono uwu unadyako. Sindinadzale ngakhale mtengo umodzi. Ndinkati mitengo ndi ya Mulungu, imamera yokha.

Ndiye mtunda umene amayi ako ankayenda ndi mtolo pamutu ndinautalikitsa ndine, chaka ndi chaka. Ine palibe anandimenyapo mbama. Ankanditcha munthu wolimbikira ntchito. Lero mwana wapulumutsa zikuni zisanu, ndiye akhale wofunika kuwongola?

Za mwambo ndakonza ndekha. Ndinagwira tambala wanga uja wofiira n'kupita naye kwa akuluakulu a m'mudzi. Ndinati mwana sanauzidwe, wosamuuza ndine, pepani. Analandira, nkhani inatha. Abale a ku Thyolo ndinawaimbira mmodzimmodzi. Achimwene anga a Grey poyamba anali olimba, koma nditawauza za chikuni cha muwanga anafewa, ndipo anati mwanayo mumupatse moni. Tabeth yemwe ndamukhazika pansi, ndamuuza za moto wa pamaliro, wamva, ndipo analira. Sadzabwerezanso. Kuwongola kwina kukufunikanso ndi kotani?

Lachisanu lapitali a Dyna anabwera pa njinga yamoto, akuti kudzaona zovala za mwana. Ndinawalandira bwino, ndi mlamu wanga. Tabeth anawaphikira tiyi pa mbaula yomweyo. Ndinati alamu, tiyi wa mwana wouma mtima akukoma? Amvekere, "Alamu, musandiseke, mwanayu mukumulera ngati dzira. Kwa ine akaphunzira ulemu." Ndinati ulemu wake uti, wotsuka mbale za madalaivala? Paja iwe ukudziwa kuti ali ndi malo odyera kuboda kuja, ndipo mtsikana amene ankawathandiza anakwatiwa mwezi watha. Ndinafunsa kuti nanga sukulu? Anati aona chaka chamawa zinthu zikakhazikika. Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi omwe ndinawauza amayi ako za iwe pamene unali Sitandade 6, ndipo chaka chamawacho mpaka lero sichinafike.

Anakwiya. Anati ine ndine mkamwini chabe, mwana ndi wa kuchikazi, ndilibe mawu. Ndinati zoona alamu, mbumba ndi yanu. Koma malo ano si a makolo anu kapena a makolo anga, tonse tinabwera pa lole imodzi kudzalima fodya wa eni ake. Pano tinapatsidwa ine ndi akulu anu, ndipo mwanayu anamusiya m'manja mwathu ndi mayi wake ali ndi zaka zinayi. Amene ananditula mwanayu ndi amene adzamutenge, ndi miyendo yake, osati pa foni. Ananyamuka osatsanzika. Akuti abweranso pa 30 ndi mawu ako.

Sindikudana nawo a Dyna. Nawonso aferedwa, anali mkulu wawo yekhayo, ndipo mbama zija zinachokera m'chisoni. Koma chisoni chawo chisadye sukulu ya mwana.

Mwina ukuti bambo akukakamira mwana chifukwa akuopa kukhala okha, asowa wowaphikira. Kuopa ndikuopadi, sindinama. Koma kuphika ndaphunzira, wandiphunzitsa yemweyo, ngakhale akuti ndimathira nkhuni ngati ndikuotcha fodya. Kuphiri sapitanso yekha, ndakana. Timapita awiri Loweruka, ine ndi njinga yanga yokankha, anthu akuseka kuti a Elias asanduka mayi. Aseke. Kuseri kwa nyumba takumba maenje makumi atatu, mbande za mitengo ya kesha ndi nsangu watenga kusukulu, tikungodikira mvula yeniyeni. Ine nkhuni zake sindidzaotha. Koma ndikufuna ndikakumane ndi amayi ako nditabwezako kenakake.

Ndiye pempho langa ndi ili, mwana wanga. Uwaimbire a Dyna lisanafike tsiku la 30, uwauze kuti asavutike ndi ulendo. Ukapanda kutero adzandipeza nditakhala pakhomo, ndipo adzayamba kunyamula ine asanafike pa mwana. Ndine wopepuka masiku ano, koma ndidzakuwa mudzi wonse umve.

Ngati iweyo mtima wako ukuti Tabeth ndi woipa, bwera pa Khirisimasi. Sindidzakutsekera chitseko, mwana ndi wako. Koma usanamutenge, udzadzuke naye m'mawa, mupite kuphiri. Udzadule mtolo wako, usenze, iye akuonetse malo asanu ndi awiri amene amayi ako anatula. Ukadzafika pakhomo pano n'kutula mtolowo, ine ndidzakupatsa machesi. Udzauyatse pabwalo popanda poto, uuyang'ane mpaka uthe. Ukadzatha kuchita zimenezo, mutenge.

A Vincent akuti dzanja lawawa, ndipo pepala latha. Mwanayo sakudziwa kuti ndalemba zimenezi. Mayeso akuyamba sabata ya mawa, umuimbire umulimbikitse, ndipo za malirozo usazitchule pokhapokha ngati ukufuna kumupepesa. Foni imakhala ndi moto masana.

Undiperekere moni kwa a Esitere amene umapemphera nawo, uwathokoze chifukwa cha nsalu anatumiza pamaliro. Moninso kwa Pemphero mwana wa achimwene ngati mumaonana, umuuze kuti bambo ake akudandaula kuti saimba. Mulungu amene anakusunga pa msewu wa ku Lusaka akusungebe, akupatse tulo tabwino ndi mtima wofewa pa mwana wako.

Ndine bambo ako,
Elias.