Kabokosi ka pansi pa mpando wa njinga ya mkwati

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WACHINAYI WA KOMITI YA UKWATI WA A RAYMOND NDI A ELINESS

Tsiku: Lamulungu, 14 Julayi 2024
Malo: Pakhonde pa a Fanizo Chikhosi, ku Nsipe
Nthawi yoyambira: 2:40 masana (tinapangana 2 koloko)

Amene analipo
A Fanizo Chikhosi, wapampando
A Maliro, nkhoswe ya kuchikazi, amalume a mkwatibwi
Mayi Dailes, oyang'anira zophika
A Goliati, oyang'anira nyimbo ndi masitepe
A Raymond, mkwati
A Eliness, mkwatibwi
A Ian, mlendo woitanidwa, amakonza mafoni ndi makompyuta ku Boma
Tikondwe, mlembi, mng'ono wa mkwatibwi

Amene sanabwere
Mayi Zelesi, msungichuma, akudwazika matenda ku Kasinje.
A Redson, nkhoswe ya kuchimuna, sanatumize mawu.

1. Kutsegula

Mayi Dailes anatsegula ndi pemphero. Wapampando anati kuti tifike pa 3 Ogasiti kwatsala masabata atatu osakwana, ndiye aliyense ayankhule mwachidule chifukwa kukuzizira.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga. A Goliati anati iwo sananene kuti masipika ndi awo, ananena kuti masipika ali m'manja mwawo. Zinakonzedwa ndipo onse anavomereza.

3. Zophika

Mayi Dailes anati mbatatesi yapezeka ndipo nkhuku zikukula bwino. Chatsala ndi nkhuni. Wapampando anati achinyamata a kuchimuna adzawaze Loweruka.

4. Mdipiti wochokera ku tchalitchi

A Raymond anakumbutsa komiti kuti njinga yawo yamoto, yobiriwira ija yonga ya mpikisano, ndi imene idzatsogolere magalimoto. Anati njinga imeneyi anaigwirira ntchito zaka zisanu pa famu ku Joni, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anabwera nacho.

A Maliro anakweza dzanja. Anati tisanakambe za amene adzatsogolere mdipiti, tiyambe tadziwa ngati mdipitiwo udzakhalepo. Anapempha Mayi Dailes kuti anene zimene anaona Lachiwiri.

Mayi Dailes anati Lachiwiri anali pa benchi yawo ya tomato m'mbali mwa msewu waukulu, akuyankhula pa foni ndi mwana wawo amene amakhala ku Boma. Njinga yobiriwira inadutsa, nsalu yophimbira tomato inauluka. Asanamalize nkhani ya pa foniyo, mwana wawoyo anati a Raymond ndi awa akuimika njinga pamsika wa ku Bomako. Mayi Dailes anapempha kuti zilembedwe kuti mayunitsi awo sakhala ambiri, choncho foniyo sinatalike. Anawonjezera kuti masiku ano njingayo ikamaima ikumaphulitsa ngati mfuti, mpaka mbuzi za pamsika zikumadula zingwe.

A Raymond anati njinga sinasinthe, ingokhala kuti yachira. Wapampando anati n'chifukwa chake taitana a Ian.

5. Zimene zinachitika pa njinga

A Ian anati pansi pa mpando wa njingayo pali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira, kamene iwo amakatchula kuti isiyu. Kameneka ndi kamene kamauza injini kuti imwe petulo wochuluka bwanji, pulagi ithethetse moto nthawi yanji, komanso kuti kuthamanga kulekere pati. Anati analumikiza kabokosiko ku laputopu ndi chingwe, anakopera pulogalamu yakale, n'kulembamo yatsopano. Ntchito yonse inatenga mphindi makumi anayi.

Wapampando anafunsa kuti chinalakwika n'chiyani ndi pulogalamu yakaleyo. A Ian anati petulo wa kuno amamusakaniza ndi etanolo wa nzimbe, ndiye m'mawa kukazizira njingayo imatsokomola. Anaikonza kuti izimwa bwino. Kenako anachotsanso malire a liwiro amene inabwera nawo.

A Maliro anafunsa kuti kale imalekera pati. A Ian anati pa makilomita 180 pa ola. A Maliro anafunsa kuti nanga pano ikulekera pati. A Ian anayang'ana a Raymond. A Raymond anati sakudziwa, chifukwa asanafike pamapeto pake msewu umayamba wakhota.

A Maliro anafunsa kuti 180 inachepa pati. 

A Raymond anati iwo anapitira za kutsokomolako basi, zochotsa malirezo inali banyira ya a Ian. A Ian anati, "Aise, usandiike m'moto. Unandipempha kawiri, mauthenga ake ali mu foni umu." Wapampando anati foni isatulutsidwe, tamva.

6. Kubwezera pulogalamu yakale

A Maliro anati pa chinkhoswe, pamaso pa iwo ndi a Redson, mkamwini analonjeza kuti njingayo saikhudza m'kati. Anati mawu a kuchikazi ndi awa: njinga ibwerere mmene inalili, apo ayi tsiku la ukwati lisunthidwe mpaka zidziwike.

A Ian anati kubwezera n'kosavuta. Pulogalamu yakale anaisunga mu fulashi yofiira ya a Raymond. A Raymond anati fulashi imeneyo anabwereka a Goliati kuti aikemo nyimbo zophunzirira masitepe a operekeza akwati.

A Goliati anavomera kuti fulashi ili kwa iwo. Anafunsidwa ngati anapezamo kanthu. Anati, "Munali fayilo imodzi yokha, ndipo simaimba." Anati anaifufuta kuti malo akwane, ndipo pano muli nyimbo 212. Ananenanso kuti ngati komiti ikufuna, atha kuzichotsa nyimbozo. A Ian anati kuchotsa nyimbo sikubweza fayilo. A Goliati anati ndiye zikhale, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti masitepe akuyenda bwino kwambiri. Zalembedwa.

Wapampando anafunsa ngati mu laputopu munatsala ina. A Ian anati ayi, laputopu yawo ndi yodzadza, sasunga za makasitomala. Anati pali njira ziwiri. Yoyamba, mnzawo wa ku Joni atumize fayilo ya njinga yofanana nayo, koma ikakhala yolakwika, kapena moto ukathima ali m'kati molemba, kabokosi kafa ndipo njinga isanduka chitsulo chopachikapo zovala. Yachiwiri, pulogalamu yatsopanoyi ikhale, iwo angolembamo malire ena pa nambala imene komiti ingasankhe.

Wapampando anati njira yachiwiriyo ndi yanzeru. A Maliro anatchula 60. A Raymond anati pa 60 njingayo imakhala idakali m'giya yoyamba, ndipo anatchula 140. Mayi Dailes anati izi zikufanana ndi kugula tomato, tingokumana pakati. A Goliati anatchula 100. A Maliro anati 80, ndipo sawonjezera. Panatenga nthawi. Wapampando anati tivote pakati pa 80 ndi 100, koma poyamba anafunsa ngati mkwatibwi ali ndi mawu, popeza chiyambire msonkhano anali asanayankhule.

7. Mawu a mkwatibwi

A Eliness anati ali ndi mafunso atatu kwa a Ian. Anafunsa kuti kuika malirewo kungatenge nthawi yaitali bwanji. A Ian anati mphindi makumi anayi. Anafunsa kuti nanga kuwachotsanso. A Ian anati chimodzimodzi. Anafunsa ngati munthu ataima pakhomo n'kuyang'ana njingayo angadziwe kuti malire alimo kapena achotsedwa. A Ian anati sangadziwe.

A Eliness anati ndiye voti ndi yachani.

Kenako anatembenukira kwa mkwati. Mlembi walemba mmene ananenera:

"A Raymond, ine njinga yanu sindidana nayo. Munaivutikira, ndikudziwa. Koma munalonjeza pamaso pa amalume, kenako munapita ku Boma mwakachetechete, ine n'kudzamvera kwa ogulitsa tomato. Pamsewu womwewu ndinakatola nsapato ya achimwene Mfundo. Sindikufuna kudzatolanso ina nditavala mphete."

A Mfundo anali mchimwene wa mkwatibwi ndi mlembi. Anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto chaka cha 2022. Mkwatibwi ananenanso zina zokhudza tsiku limenelo, koma mlembi sanathe kuzilemba.

A Eliness anamaliza ndi kunena kuti sakupempha nambala iliyonse. Anati ngati nkhani ithere pa voti, amalume akauze abusa kuti chilengezo cha ukwati cha Lamulungu likubwerali achiimitse.

Wapampando anati nkhaniyi ndi yofunika kuiganizira modekha. Asanamalize, a Raymond anaimirira osapempha chilolezo n'kupita kuseri kwa nyumba kumene anaimika njinga. A Goliati anati basi wapita ameneyo. Aliyense anatchera khutu, koma injini sinalire. Wapampando anati zilembedwe kuti msonkhano waima kaye. Mayi Dailes anathira tiyi. Amene anamwa ndi a Ian okha.

Patatha mphindi khumi a Raymond anabwerera, manja ali bii, sipanala ili m'thumba la malaya. Anali atanyamula kabokosi kakuda kaja. Anadutsa tebulo la wapampando, anagwada pamene panakhala a Eliness n'kukaika pamphasa.

"Popanda aka siingalire," anatero a Raymond. "Sungani inuyo."

Wapampando anafunsa a Ian ngati zimenezo n'zoona. A Ian anati n'zoona, ndipo anapempha kuti kasanyowe komanso kasagwe pansi. A Maliro anafunsa ngati munthu atha kukagula kena mobisa. A Ian anati ka njinga ya mtundu umenewu sanakaonepo kuno, komanso kamayenera kugwirizana ndi kiyi wake, ndiye si nkhani ya masana amodzi.

A Eliness anakatembenuza kabokosiko, anakapukuta ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kukaika m'chikwama chawo cha ku tchalitchi. Wapampando anafunsa kuti akasunga mpaka liti, kuti mlembi alembe tsiku. A Eliness anati, "Ndidzanena." Wapampando anayang'ana a Raymond. A Raymond anati lembani choncho.

Wapampando anafunsanso za chilengezo cha Lamulungu. A Eliness anati chipitirire.

8. Zimene tagwirizana

(a) Ukwati ulipo pa 3 Ogasiti monga tinapanganira.
(b) Voti ya 80 ndi 100 sinachitike.
(c) Kabokosi kakhala ndi mkwatibwi mpaka adzanene.
(d) A Ian asalumikize chingwe chilichonse pa kabokosiko pokhapokha mkwatibwi ali pomwepo.
(e) A Maliro akawafotokozere a Redson zonsezi, ndipo akawafunsenso chimene sanabwerere.

9. Zina ndi zina

A Goliati anafunsa kuti tsopano adzatsogolere mdipiti ndani. Wapampando anati amayi a kwaya, wapansi, monga zimakhalira.

A Ian anafunsa ngati aitanidwa ku ukwati. A Maliro anati abwere, koma laputopu aisiye ku Boma.

A Raymond anapempha kuti njinga igone kwa wapampando. Wapampando anati alibe poisunga, m'nyumba yaing'ono muli mbewu ya mbatatesi. A Raymond anati palibe kanthu, aikankha.

10. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Tidzakumananso Lamulungu pa 21 Julayi, malo omwewa, 2 koloko yeniyeni. A Maliro anatseka ndi pemphero nthawi ili 4:55 madzulo.

Titabalalika, a Raymond anayamba kukankha njinga kulowera kwawo. Njirayo ndi yokwera ndipo njingayo ndi yolemera. A Goliati ndi a Ian anafuna kugwirako kumbuyo, koma mkwati anakana. Mkwatibwi anali patsogolo ndi chikwama chawo, osacheuka. Atafika pamphambano, pamene njira ya kwathu imapatukira, anaima n'kuwadikira a Raymond.

Wapampando: Fanizo Chikhosi ..............................

Mlembi: Tikondwe ..............................