Chithunzi cha Bambo Chapulumuka ku Laimu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Italiyako. Kuno ku Mangochi tilipo, ndipo mayi chifuwa chija chawasiya.

Zithunzi za tchalitchi chakalekale munatumiza zija tinaziona. Mukuti zojambula za m'makoma mwake zatha zaka mazanamazana osafufutika. Chojambula chathu kuno chikanafufutika tsiku limodzi.

Paja Pasaka ikayandikira timapaka laimu tchalitchi chonse. Chaka chino akomiti anapereka ntchitoyi kwa Che Saidi, Asilamu a kumsika aja, n'kuwauza kuti apake makoma onse osasiya pena. Palibe anakumbukira chithunzi cha atumwi ali m'bwato chimene malemu bambo anajambula kuseri kwa guwa. Nditamva ndinathamanga chitenje chili m'manja, ndikudziwa kuti ndikapeza khoma loyera.

Ndinapeza Che Saidi atakhala pabenchi, burashi ili pansi. Makoma atatu anali atayera, lachinayi sanalikhudze.

"Achemwali, apa ine sindipaka," anatero. "Petulo wanuyu ndi bambo anga. Taonani chipsera pamphumipo. Ankakhala padoko tsiku lonse kuti bambo anu awajambule. Kwathu tilibe chithunzi chawo china."

Ndinangokhala nawo pabenchipo. Akomiti achita manyazi, ndipo agwirizana kuti khomalo lisadzapakidwenso.

Chonde mutifunsire kumeneko mmene amatetezera zojambula ku chinyezi. Mulungu akusungeni. Che Saidi akuti Lachisanu akatuluka mumzikiti abwera ndi ana awo kudzaona agogo awo.

Ndine mlongo wanu,
Agnesi