Chingwe Chomva Mapazi

Lolemba, 2 Juni
Amaliza kukwirira chingwe kuzungulira munda wonse wa maduriyani, zipatso zaminga zodula. Chowonda ngati ulusi, koma akuti chimamva mapazi. Ndinaseka. Mei Fong, katswiri wochiika uja, anandikhazika pa kompyuta n'kuuza Zulkifli, mlonda mnzanga, kuti ayende kumpanda. Mzere pagalasi n'kuyamba kudumpha. Pansi pake mawu: MUNTHU, MZATI 6. Zaka khumi ndi ziwiri ndikulondera, ine Rosnani wodzitama ndi maso. Lero dothi landiposa.

Lachitatu, 4 Juni
Nguluwe chingwechi chimaidziwa. Nyani chimamudziwa. Duriyani likagwa chimangokhala chete, chikudziwa kuti ndi chipatso. Zulkifli akuti, "Mawa chitiuza amene amandibera nsomba m'mbale." Ine kuseka ayi.

Lachisanu, 6 Juni
M'mawa: MUNTHU, MZATI 14. Mapazi awiri, ndi kachitatu kopepuka. Ndodo. Sindinafunse munthu. Amayi. Manda a bambo anatsalira m'kati pamene munda unagulitsidwa. Lachisanu lililonse amalowera pomwe waya anamasuka, atanyamula botolo la madzi a maluwa othira pamanda. Alonda tonse timayang'ana kumbali. Chingwe kuyang'ana kumbali sichidziwa.

Loweruka, 7 Juni
Bwana Subra, oyang'anira munda, aona. "Wolowanso pamenepo, apolisi. Mlonda wobisa, ntchito yatha." Ndinawauza amayi tikudya mpunga. Anati, "Mwamuna wanga yemwe ndikachite kum'pempha kwa waya?" Mantha ndili nawo. Ana anga awiri akudyera ntchito imeneyi.

Lachisanu, 13 Juni
Amayi abweranso. Ndinam'chonderera Mei Fong afufute. "Achemwali, kufufuta sindingathe. Koma taonani apa." Anaika mizere iwiri pamodzi, wa sabata yatha ndi wa lero. Phazi limodzi likuchedwa, likukhukhuluza pansi. "Osadikira mawa, pitani nawo kuchipatala." Timadyera mbale imodzi, timagona chipinda chimodzi, ine osaona. Dothi laona. Ndinakhala kukamwa yasa, kenako misozi.

Lachiwiri, 17 Juni
Chipatala cha ku Raub. Mtsempha wa m'mutu unatsekeka. Dokotala akuti tikanachedwa masiku awiri nkhani ikanakhala ina. Amayi ali moyo. Mwendo wamanzere sukumva. Atangoyamba kulankhula anafunsa za botolo.

Lachisanu, 27 Juni
Sabata yatha bambo sanathiriridwe madzi, amayi anakana chakudya tsiku lonse. Lero ndanyamula botolo ndine. Yunifomu ili m'thupi, ndawerama pa waya, ndazula udzu, ndanena pemphero la dua. Dothi lomwelo lasunga bambo, lomwelo likundimvera. Ndinaponda bwinobwino, lindidziwe.

Pobwerera Zulkifli anangonditembenuzira galasi. MUNTHU, MZATI 14. Bwana Subra akundifuna Lolemba mu ofesi. Ndipita.

Mzere wanga ndauyang'ana nthawi yaitali. Kadumphidwe kake ndi ka amayi ndithu. Koma mapazi awiri okha. Kachitatu kaja palibe.