Maondo Anga ndi Njira ya Phiri

Loweruka, 24 Juni 2006

Ine Benedicto, wa kuseri kwa phiri la Mchinji. Zaka 71, malinga ndi kalata ya ubatizo. Kulemba ndinaphunzira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi, choncho pang'onopang'ono.

Lero alendo. Mkamwini wanga Kelvin, mphunzitsi ku boma, mwamuna wa mwana wanga Esnart. Ndi mnzake Lusungu, mphunzitsinso, wa kumpoto, wamiyendo ngati kakowa. Njinga zawo zachilendo. Matayala onenepa, magiya ambirimbiri, kaliyala palibe. Akuti ndi za m'mapiri. Njinga yopanda kaliyala, ntchito yake n'chiyani?

Nkhani yake nayi. Pa 6 Julayi, tsiku la tchuthi, aphunzitsi ndi anamwino a ku boma akufuna ulendo wa panjinga. Wongoyenda, popanda katundu. Ena akatswiri, ena ongoyamba kumene. Esnart ali momwemo, poti ndi namwino. Ine ndiwasankhire kopita ndi kuwatsogolera, chifukwa kale ndinkawolotsa mtedza ku Zambia m'tinjira ta m'phirimo.

Ndinayankha msanga: phiri. Kukwera kuchokera ku boma, kuona Zambia pamwamba, kutsikira pa kasupe wa kuno kwathu. Kelvin mano onse panja. Inenso mtima kukoma, sindibisa. Andikumbukira.

Lolemba, 26 Juni

Consolata, mkazi wanga, wabwerako ku boma kumene anakagona kwa Esnart. Tikuswa mtedza pakhonde. Osandiyang'ana: "Mwana wanu ali ndi pakati. Miyezi iwiri. Pakamwa potseka, bambo."

Mtedza unandigwa m'manja.

Kawiri konse Esnart wapita padera. Ulendo wachiwiriwo Kelvin anali atalengeza kale kusukulu konse, mwa chimwemwe. Zitalephereka, aliyense kumupatsa moni wachisoni mpaka kumsika. Ndiye pano Esnart walumbira, sauza munthu kufikira mimba ioneke yokha. Ngakhale mwamuna wake. Amake okha. Ine sindiyenera kudziwa.

Kutsika kwa phiri lija ndikukudziwa. Miyala yoterereka, mizu, chigwembe kumanzere. Njinga imadumpha ngati mbuzi. Phewa langa lamanja linathyoka pomwepo, mpaka lero limandiuza za mvula.

Ndinati, nanga bwanji osangokhala kunyumba? Consolata akuti Esnart wakana. Ulendowu anauyambitsa ndi iye. Akatsala, anamwino anzake amuwerenga pankhope. Ndiponso akuti kupalasa sikuchotsa mimba, iye ndi wachipatala akudziwa. Mwina n'zoona. Ine sindikuopa kupalasa. Ndikuopa kugwa.

Amene wasankha phiri ndine.

Lachitatu, 28 Juni

Ku boma, kudzera njira ya kudambo. Yotalika koma yosalala. Mphepo ya mwera, zala kuuma pahendulo.

Ndinawapeza pansi pa mango kusukulu. Ndinati ndaganizanso. Tipite ku Dambe. Chidikha, minda, anthu olandira alendo. Lusungu: "Madala, ku Dambe tikaona chiyani, mapesi?" Kuseka. Ndinati ndiye Mkanda, msewu waukulu. Kelvin mwaulemu, manja kumbuyo, akuti kutali, fumbi, ndipo njingazi sanazigulire msewu.

Ndinagwira nthambi ina. Pali Mayi Agnes, namwino wamkulu, athupi ndithu, anaphunzira njinga chaka chatha. Ndinati tiwaganizire mayiwa, phiri si masewera. Ndinalakwa. Mayi Agnes anaimirira: "Agogo, musandisandutse chifukwa. Pokwera ndikankha, potsika ndikankha, koma Zambia ndimuona." Onse m'manja.

Esnart anali pomwepo, pa benchi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine maso pa nsapato.

Pobwerera chubu kuphulika. Chigamba chachisanu pa chubu chimodzi, chatsopano chidikire ndalama za fodya.

Lachisanu, 30 Juni

Tulo tochepa. Ndauza Consolata, lankhula ndi mkamwini wako. Anandiyang'ana ngati ndamwa. Mpongozi wamkazi kukamba za mimba ndi mkamwini? Amene amapatukirana njira? Nanga ine? Choipa koposa. Bambo salowa m'zimenezo. Ndikangoyamba, Kelvin athawa ndi manyazi, Esnart adziwa kuti amake anaulula, ndiye ndataya onse awiri.

Njira yake ilipo imodzi. Ankhoswe.

Lamulungu, 2 Julayi

Misa ndajomba, Mulungu andikhululukire. Ku Kamwendo kwa alamu anga a Timoteyo, mlongo wake wa Consolata, malume a Esnart, nkhoswe ya ukwati wake. Ndinawapeza pa sitolo pawo akuyeza palafini.

Anamvetsera bwino. Kenaka: "Alamu, mimba yosaoneka sitiiloza chala. Ikakula, amayi adzapita kukalangiza, ine ndidzauza mwamunayo mwadongosolo. Lero ndikanene chiyani? Kuti ndamva kwa bambo wake, amene anamva kwa amake, amene anauzidwa kuti asanene?"

Ndinati nanga akagwa? Iwo: "Mbumba ndi yanga, inde. Koma phiri mwasankha ndinu. Sinthani nokha."

Anandipatsa tiyi.

Pobwerera ndinaima pamphambano. Phiri lili apo, labuluu, losalakwa.

Lachiwiri, 4 Julayi

Kelvin watumiza mawu ndi wakabaza. Akuti ngati bambo atopa asadzivute, Lusungu wafunsa njira kwa ootcha makala, atsogolera yekha. Phiri basi.

Ndiye kukana kwanga kwangochotsa ine. Esnart adzatsika chigwembe chija kumbuyo kwa mnyamata amene sanachionepo.

Ndinakhala pa chitsa mpaka dzuwa kupendeka. Consolata akupeta. Naye akuopa, ndikuona mmene akugwirira lichero.

Kasupe wathu njira zake ndi ziwiri. Ya phiri. Ya kudambo, imene ndimadzera ine masiku onse. Zonse zimathera pa mkuyu womwewo. Amene akufuna phiri akwere. Vuto n'loti Esnart sangasankhe dambo anthu akuona. Mwana uja anaphunzira njinga pa yanga iyi, miyendo isanafike pa mapedulo, akulowetsa mwendo pansi pa mtanda. Sagonja.

Pokhapokha wina amupemphe. Wina amene sangamukanire pagulu.

Lachitatu, 5 Julayi

Ndathira mafuta tcheni. Mabuleki ndamanga.

Maondo anga alibe vuto. Ndilembe pano kuti papezeke pamene panalembedwa zoona. Sabata yatha ndakwera ndi thumba la chimanga mpaka kuchigayo osatsika.

Anthu kuno amanditchula Mbuzi ya Phiri. Dzina la unyamata, ndimalikonda. Mawa litha.

Lachinayi, 6 Julayi

Tabwerako. Ndilembe zonse dzanja lisanatope.

Pa bwalo la sukulu m'mawa. Njinga mbwee, zipewa zapulasitiki ngati zigoba za fulu. Mayi Agnes atavala buluku mkati mwa chitenje.

Ndinavula chipewa changa. Ndinati kopita ndi pa kasupe, monga tinapangana. Ofuna phiri atsate Lusungu, ndipo ndinamuuza za chigwembe, kuti pa mwala woyera onse atsike akankhe, asachite manyazi. Kenaka ndinanena bodza langa. Ndinati ine phiri landikanika. Maondo. Maso akuchita chifunga. Ndidzera kudambo ngati nkhalamba. Koma ndekha ndikuopa, ndikagwa andidzutse ndani? Ndinatembenuka. Esnart mwana wanga, undiperekeze.



Lusungu ndiye anayamba: "Aa, Mbuzi ya Phiri yasanduka nkhosa!" Kuseka konse. Wina akuti mundigulire ndodo. Kelvin sanaseke, ulemu ali nawo, koma anandiyang'ana ndi chisoni, ndipo chisonicho chinawawa kuposa kuseka. Anati apite nane iyeyo. Ndinati ayi, mkamwini sagwira mpongozi m'chiuno, ndikufuna namwino.

Esnart nkhope gwa. Njinga yake inali italoza kale kuphiri. Anaima. Anaima ndithu. Kenaka anaitembenuza.

Aphunzitsi awiri achitsikana, ongoyamba kumene, anati nafenso kudambo. Ndinaona mpumulo pankhope zawo. Mayi Agnes ayi, kuphiri.

Njira yonse Esnart pambuyo panga. Ine patsogolo, kupalasa ngati wodwala, kuima pa mthunzi uliwonse, kudzigwira bondo. Pamchenga ndinkatsika kuti naye atsike. Pa kamlatho ka mitengo atsikana aja atatsogola, anafika pambali panga. Osandiyang'ana, ngati amake: "Amayi ali ndi pakamwa." Ndinati sindikudziwa chimene ukunena, ine ndi maondo. Iye: "Bondo lake ndi liti? Poyamba munagwira lamanzere." Ndinati onse.

Anaseka pang'ono, kenaka misozi. Ndinayang'ana ng'ombe za eni ake mpaka anamaliza.

A kuphiri anatipeza pa mkuyu. Fumbi, chimwemwe, zigongono zosupuka. Zambia amuona. Mayi Agnes anakankha njira yonse monga analonjeza, akuyimba. Palibe wovulala kwenikweni. Mwina Esnart akanatsika bwinobwino. Sindidzadziwa.

Loweruka, 15 Julayi

Nkhani yafika kale kuno. Kuchigayo anyamata akundipatsa mpando. Wina wandinyamulira thumba osandifunsa. Ndiyenera kutsimphina pang'ono anthu akamaona, apo ayi bodza lionekera. Lero ndinaiwala, Consolata ananditsina.

Ku boma zii. Zii ndi wabwino.

Lachisanu, 9 Febuluwale 2007

Mvula usiku wonse, m'mawa uno yakata. Consolata ali kuchipatala ku boma kuyambira sabata yatha, kudikirira. Ine ndi nkhuku basi.

Wakabaza wafika matope mpaka m'chiuno, njinga wasiya kutsidya. Akuti amayi akuti kwabwera mlendo. Wamkazi. Onse ali bwino. Ndinamufunsa kawiri. Kachitatu anaseka.

Mwamuna sathamangira chikuta, ndikudziwa. Ndikaima kunja kwa mpanda, ndingomva kulira kwake.

Dambo ladzaza, kamlatho kapita ndi madzi. Yatsala njira imodzi. Mnyamatayo akuti agogo, ndi maondo anuwo phiri simungalithe, dikirani madzi aphwe.

Pampu ili kuti