Mpeni wa achimwene Doyle

Lolemba, 3 Malichi

Ndaupeza. Mpeni wopinda wa malemu bambo, wa chogwirira cha fupa uja. M'thumba la ovolosi yawo, m'katoni, m'galaja mwanga momwe. Ndimangofuna nsanza yopukutira oyilo.

Zaka zinayi ndikuuza dera lonse la Arkansas kuti achimwene Doyle ndi mbava, anaba mpeniwu. Ndinawanena tsiku la maliro lenilenilo, mbale ya nyemba ili m'manja, abusa ali pomwepo. Kuchokera apo moni palibe, foni palibe. Khirisimasi zinayi, nkhukundembo ndadya ndi galu.

Kupepesa? Ine Glenda? Bola kumeza mpeniwo. Ndiwapangitsira watsopano, wapamwamba, aone ngati ndawakhululukira. Wa bambo ndaubwezera m'thumba muja. Sindinauone.

Lachinayi, 6 Malichi

Kwa a Pruitt, osula mipeni kuseri kwa tauni. Zaka 71, zala zisanu ndi zitatu ndi theka. Ndimati ndingolowa, kuloza, kutuluka. Ayi ndithu. Mafunso ngati kuchipatala.

Chitsulo chanji? Chosachita dzimbiri koma chovuta kunola, kapena chachikale, chothwa msanga koma chakuda ukangodulira apozi? Ndasankha cha dzimbiri. Achimwene azikhala ndi chodandaula, ndicho chakudya chawo.

Chogwirira: nyanga ya gwape, thabwa, chitsulo chopepuka chopangira ndege, mpaka dzino la njovu zaubweya zinatha kalekale zija. Ndafunsa mtengo wa dzinolo, ndafuna pokhala. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limeneli lanyanya.

Ndaloza thabwa losalala, chitsulocho achiwalitse ngati galasi. A Pruitt anangopukusa mutu. "Mayi, umenewo ndi mpeni wa m'kabati. Mwini wake amadula chiyani? Amauika thumba liti? Dzanja liti?"

Lamanja, ndinatero, makofi ake ndinakula nawo. Amadula zingwe za udzu wa ng'ombe, zikhadabo, apozi, osapukuta pakati.

"Zimenezo ndi za liti? Kafunseni." Kufunsa munthu amene sindiyankhula naye!

Loweruka, 8 Malichi

Mvula. Ndaimbira alamu anga Nadine, akazi a Doyle. Kawiri ndinadula foni isanalire. Kachitatu anayankha.

Ndinayamba ndi za nyengo. Kenako, ngati zongocheza: achimwene masiku ano mpeni amaika thumba liti? Ndinamva akutseka chitseko.

"Alamu, simunamve? Sitiroko. Papita chaka ndi theka. Dzanja lamanja linafa. Mpeni sayenda nawonso, maenvulopu ndimawatsegulira ndine."

Achimwene anawaletsa kundiuza. Akuti mbava saizonda.

Ndakhala pansi m'khitchini. Munthu uja ankandisendera apozi khungu osaduka, kuyambira kumutu mpaka kumatako, ine n'kumalivala m'khosi ngati mkanda. Ndalira, kulira konyansa kwa mamina. Galu amangoyang'ana mbale yake.

Lamulungu, 9 Malichi

Kutchalitchi ayi. Ndatulutsa mpeni wa bambo, ndayesa kuutsegula ndi dzanja limodzi. Zosatheka, umafuna lina logwira, lina lokoka ndi chikhadabo. Ndayesa ndi mano. Ndiye kuti ngakhale ndiulule lero, ndikawapatsa chinthu chowanyoza. Mulungu naye ali ndi nthabwala zake, koma sizoseketsa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kwa a Pruitt. Sananene kuti ndinakuuzani. Nkhope ndiyo inanena.

Zonse zasintha. Wamanzere: kabatani kokankha ndi chala chachikulu, loko mbali inayo, kachitsulo kopanira m'thumba nakonso. Chitsulo chosachita dzimbiri, chosabuntha msanga, poti kunola kumafuna manja awiri. Kuwala kwa galasi kwapita. Akuti achigubuduza m'timiyala, chituluke chokandika kale, munthu asachite kuchiopa.

Thabwa losalala lingaterereke. Anandionetsa chogwirira cha nsalu: amasanjikiza zigamba, kuthira utomoni, kupana mpaka ziume gwa. Chokhakhala, chikanyowa chimagwirika bwino. "Nsalu iliyonse yolimba, mayi. Ena amabweretsa jinzi ya agogo awo."

Ndathamangira kunyumba, ndabwera ndi ovolosi ya bambo ija. Sizasi italowa pamwendo ndinayang'ana kumbali.

Potuluka anandikumbutsa: "Mpeni sapatsana ulele, umadula chibale. Akupatseni kakobiri. Ena amamatiratu senti pabokosi, wolandirayo angobweza yomweyo." Ngati sindidziwa. Bambo ankatilipiritsa senti tikadali ndi mano a mkaka.

Ine sindimata. Akafuna mlongo apise m'thumba mwawo. Ndalemba molimba mtima chonchi, komatu papepala pokha. Bwanji akapanda kupisa?

Lachisanu, 25 Epulo

Mpeni watha. Wabuluu wotuwa, mizere ya ulusi ikuoneka. Wosakongola, ngati eni ovolosi. Ndautsegula ndi lamanzere, kha! Ndadzicheka kamodzi kokha. Nadine akuti ndibwere mawa masana, achimwene sanawauze.

Ndayeserera pagalasi. Pepani akukana kutuluka. Mwina mpeni unena wokha.

Loweruka, 26 Epulo

Achimwene anali pakhonde. Aonda. Dzanja lili pamwendo ngati la munthu wina. Moni wawo: "Wabwera kudzasecha?"

Ndinaika bokosi patebulo. Anakankha kabatani, kha! Kutseka. Kha! Kanayi konse, osandiyang'ana. Kenako chala chikungosisita chogwirira, kusisita, kusisita.

"Iyi ndi ovolosi ya bambo." Ndinati eya. "Ndiye waupeza. Ndinakuuza tsiku lomwe lija, iwe Glenda, pisa m'thumba la ovolosi. Unati mbava isakuphunzitse kusaka."

Ndinati ndaiwala kuti anatero. Bodza. Ndakhala ndikukumbukira kuyambira pa 3 Malichi. Ndipo ine wanzerune ndachita kulipira a Pruitt kuti umboni aupane bwinobwino mu utomoni.

Pepani uja anatuluka. Wopindika, wonyowa, koma anatuluka. Anaika mpeni patebulo n'kumayang'ana ng'ombe. Ndinanyamula chikwama, ndinati basi, wadula chibale.

Ndiye ndikuona dzanja lamanzere likuwoloka pamimba, kulowera thumba lakumanja. Zaka 66 makobiri amakhala kumeneko, sitiroko sinawasamutse. Kupisa, kuphonya, kutukwana, kupisanso. Ndinati ndithandize, anandiponyera diso, ndinakhala pansi. Nadine ali pachitseko, dzanja pakamwa.

Senti imodzi, yakuda bii, ya ulusi wa m'thumba. Anaimenyetsa patebulo.

"Tenga. Nadine, ukhale mboni kuti uwu sindinabe."

Ili pano pambali pa kope. Yonyansa. Sindiipukuta.

Mawa ndiwapititsira wa bambo, akauike m'kabati. Akuti ndibwere ndi apozi, ndikasende ine iwo akuonerera, ndipo khungu likangoduka ndibweze senti yawo. Ndagula thumba lonse, ndikuyeserera. Asanu ndi awiri aduka kale, galu wakhuta, wachisanu ndi chitatu uyu ndafika naye pakati ndipo... naye waduka.