Akumu, Chikwama Chapsa!

Lamulungu, 7 Sepitembala

Pepa kope langa, ndakusokoneza. Ndikudziwa kuti ntchito yako ndi ya mazira a nkhuku ndi miyezo ya ufa wa makeke, koma nkhani iyi ndilibe woiuza. Ndikaitulutsa pakamwa likhala tchimo, ndiye upirire ndiwe.

Lamulungu likubwerali Tijana wanga akukwatiwa. Mkamwini wathu Strahinja wafika dzulo kuchokera ku Jeremani ndi galimoto yake yamagetsi, yoyera ngati firiji, yosalira n'komwe. Ndi imene idzanyamule mkwatibwi kupita kutchalitchi ku Kraljevo. Tijana analengeza kalekale, anzake onse akudziwa, maluwa apagalimoto tinaitanitsa kale. Yalowa pabwalo kanyali ka batire kali psuu, chifukwa amuna anga a Milisav anamuuza pa foni kuti, "Ingobwera mwana wanga, tchaja udzaipeza pakhoma."

Pakhomapo pali msomali ndi mkanda wa tsabola wouma.

Tchajayo tinalipira Pasaka isanafike, ndalama zonse, kwa a Dobrivoje a kashopu ka zamagetsi. Akanakhala munthu wamba bwenzi nditakayala kale mphasa pakhomo pa shopuyo. Koma a Dobrivoje ndi akumu athu. Ndiwo anatiimira mboni pa ukwati wathu, ndiwo anamunyamula Tijana pa ubatizo, ndipo Lamulungu adzaima kumbuyo kwake m'tchalitchi. Kumwamba Mulungu, pansi pano akumu. Sukweza mawu, sufunsa kawiri. Ine ndinafunsa kamodzi kokha mu Meyi, mwaulemu, nditawathirira khofi. Mpaka lero a Milisav amandikumbutsa ngati ndinaba m'tchalitchi.

Lolemba, 8 Sepitembala

Strahinja watulutsa kachingwe kake kolowa pa soketi wamba. "Amayi musadandaule, iziyamwa pang'onopang'ono ngati foni." Mwana waulemu, koma nyumba ino saidziwa.

Ine ndinali nditaika timakeke ta mtedza mu uvuni. Wangolowetsa kachingweko, phu! Fyuzi yapita. Uvuni zii, wailesi zii, mafiriji onse amene tinabwereka kwa anansi, odzaza nyama ya nkhumba ya ukwati, zii. Timakeke tanga taphwa ngati nkhope ya munthu wofika mochedwa basi itanyamuka. Tayesanso uvuni utazima. Phu! Tayesa titazimitsa wailesi, ngati wailesi ndiyo imadya. Phu!

A Milisav akuti mawaya a nyumba ino anaika ndi bambo awo, ndi manja awo, ndipo sanakhumudwitsepo munthu. "Sankhani," akutero, "galimoto kapena nkhumba." Strahinja akuti tchaja yeniyeni imakhala ndi waya wakewake kuchokera pa mita, siilimbana ndi mafiriji. Ndamufunsa ngati sangapite kukatchaja m'tauni. Akuti ndi batire yatsalayi akafika pa mlatho basi, kenako tizikankha.

Madzulo a Milisav aimbira akumu. Aimirira, avula chipewa, pa foni! Ine ndimamva chifukwa akumu sadziwa kulankhula pang'ono. "Akumu anga okondedwa! Katundu ali pa malire a Hungary, kwangotsala kapepala kamodzi. Mawa, mawa ndithu. Moni kwa akumu aakazi, manja awo agolide!"

Mu Juni katunduyo analinso pa malire omwewo. Kaya malirewo ndi aakulu bwanji.

Manja anga agolidewo ataya thireyi ziwiri za makeke kwa nkhuku.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Mawa lija ndi lero. Zii. Ndasesa m'munsi mwa khoma kuti akabwera asadetse mawondo, ndachotsanso tsabola. Tsabola ndam'bwezera madzulo.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Abwera! M'mawa, pa kaveni kawo kamagetsi, atakumbatira katoni ngati mwana wopita naye ku ubatizo. Mtima wanga unachita kuti myaa. Ndawapatsa jamu wapasupuni ndi madzi ozizira, kenako khofi m'kapu ya alendo. Aboola khoma, fumbi lonse pa maluwa anga, ine duu. Apachika bokosi loyera lokongola, lokhala ndi chithunzi cha mphezi. A Milisav misozi ili lengelenge, athamangira botolo la rakiya, kachasu uja amabisa kuseri kwa matayala.

"Mawaya ndidzalumikiza mawa," atero akumu akupukuta ndevu. "Lero liyambe lazolowera khoma."

Atapita ndatenga kansanza kuti ndipukute fumbi. Bokosilo lagwedera ngati chitini cha bisiketi. Ndaliyang'ana bwino: mbali imodzi yachita chikasu ndi dzuwa. Ndalidziwa! Ndi lija limakhala pawindo la shopu chaka chonse. Ndatsegula ndi mpeni wa batala. M'katimo muli ntchentche yakufa ndi kapepala ka mtengo.

Pomwepo Zorka, mnansi wanga, mutu uli pampanda. Maso a Zorka amaona ndi m'mphika movundikira.

"Radojka mnzanga, zabwino zonse! Ndiye galimoto izidya ntchentche?"

"Mawaya abwera mawa."

"Ee, mawa. Predrag wanga anagulitsa takisi ya dizilo n'kugula yamagetsi chifukwa cha mawa ameneyo. Unatiuza ndiwe kuti akumu ako sanama. Pano mwana amakagona pamzere m'tauni kudikira magetsi ngati wodwala kuchipatala."

Ndasowa poyang'ana. Ndayang'ana ntchentche.

Ndawaonetsa a Milisav bokosilo. Ayang'ana m'kati nthawi yaitali, kenako atseka bwinobwino. "Mwina zamasiku ano zimakhala choncho, mayi a Tijana. Zonse zili mu mphepo." Pa chakudya abwera ndi nzeru: adzamanga galimotoyo ndi chingwe kumbuyo kwa thirakitala, chingwecho tidzakulunge maliboni, anthu aziyesa ndi mwambo wa ku Jeremani.

Tijana waika supuni pansi. "Ababa, ine ndidzapita wapansi. Ndi diresi langa. M'matope. Muzidzandijambula." Wakadzitsekera kuchipinda. Strahinja wafiira makutu, akungoyang'ana m'mbale. Amayi ake akubwera Loweruka kuchokera ku Belgrade, aja anafunsa chaka chatha ngati kuno madzi timamwa a m'mpope. Adzaone mpongozi wawo akukokedwa ngati ngolo ya chimanga!

Ndamwa mankhwala a mtima. Ndawerenganso mafoloko, alipo onse. Kanthu kamodzi kokha koyenda bwino.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Sanabwere. Ntchentche ndaitaya, bokosi ndalipukuta, poti n'la akumu.

Masana Zorka wabwera ndi thireyi yanga ndi nkhani. Akuti olipira tchaja si ife ndi Predrag tokha. Palinso dokotala wa mano, mayi wa kufamasi, ngakhale abambo Gavrilo, wansembe amene adzadalitse ukwatiwu! Palibe walandira. Ndipo akuti dzulo anadutsa kunyumba kwa akumu, pakhoma pawo pali tchaja yamoyo, kanyali kobiriwira kali phethiphethi, kaveni kakuyamwa ngati mwana wa ng'ombe.

"Ndiye tapangana," akutero Zorka, akudya keke yanga osapempha. "Lamulungu tonse tidzaima pa geti la tchalitchi pamodzi ndi ana."

Mwambo wake ndi uwu. Ukwati ukatuluka m'tchalitchi ana amakuwa kuti, "Akumu, chikwama chapsa!" ndipo akumu amawaza makobidi, ana n'kumatola. Akaumira amakuwa mpaka awaze. Sakwiya, saloledwa kukwiya.

"Ife sitidzatola makobidi," akutero Zorka. "Tidzakuwa mpaka ndalama zathu, mayuro athu, zituluke. Dokotala wa mano ali ndi mawu ngati ng'ombe yaimuna."

"Zorka, pa ukwati wa mwana wanga? Nanga abambo Gavrilo alola?"

"Akuti iwo sangakuwe atavala mkanjo. Koma akuti tsiku limenelo makutu awo adzakhala akuvuta."

Ndinalira, kope langa, osanama. Ndinakhala pa mpando wa m'khichini ndikuona zonse: mwana wanga pa thirakitala, khamu pa geti, mayi wa ku Belgrade atagwira pakamwa. Kenako ndikusenda anyezi maganizo anabwera okha. Ndinakuwapo mawu amenewo kambirimbiri ndili kamtsikana, pamaso pa wansembe, pamaso pa agogo, ndipo palibe anati ndachimwa. Amayi ankachita kundikankha kuti ndikuwe kwambiri. Ndiye kuti pali khomo limodzi lokha limene Mulungu anasiya losatseka.

Ndafunsa a Milisav, ngati sindikufuna kanthu. "Bambo a Tijana, kodi mawu aja a chikwama ali ndi malire a zaka?"

Aganiza, akukanda chipewa. "Ayi, mwambo ndi mwambo. Aliyense akhoza."

"Ngakhale mayi wa mkwatibwi?"

Andiyang'ana ngati nkhuku yalankhula. Kenako anyamuka, akuti akukaona thirakitala.

Ndapita m'khola la nkhuku, ndatseka chitseko, ndayesa. Koyamba kanatuluka kamawu ngati ka mbewa. Kachiwiri tambala anadumphira pa mtanda. Kachitatu Zorka anayankha kuchokera kwawo: "Wamveka mpaka ku Hungary!"

Uthenga ndayamba kuulemba muno kuti ndisalakwitse zilembo, kenako ndaukopera pa foni. Tijana wandionetsa podina. Wapita, timizere tiwiri tabiriwira, ndiye kuti awerenga.

"Akumu athu olemekezeka, Mulungu akupatseni moyo wautali. Bokosi lija ndi lokongola, lazolowera khoma. Ndamva kuti anthu ena akufuna kudzalemekeza chikwama chanu pa geti Lamulungu, ndipo ine monga mayi wa mkwatibwi ndiyenera kudzatsogolera mwambo, mawu ndakonza kale. Koma tchaja ija ili pakhoma panu ikadzagona pakhoma pathu, ine pa getipo ndidzakhala ndi chifuwa, ndipo Zorka ndidzam'patsa ntchito ya kukhichini. Za dokotala wa mano sindingalonjeze. Chonde mundiyankhe lisanafike Loweruka, kuti ndidziwe ngati ndimwe tiyi wa uchi wokonza kukhosi. Tsabola ndachotsa."